Nikola Tesla: Adapatsa dziko mota, iye adafa ali mmphawi

Akalipentala ndi amisiri ena amene adayesapo kuyendetsa makina awo ndi inveta magetsi akazima akulidziwa bwino vuto ili. Batire ndi lodzadza, inveta ndi ya mawati 1 500, makina opalira matabwa palembedwa mawati 750 okha. Koma mmisiri akangoyatsa, makinawo amangong'ung'udza pang'ono, inveta nkulira, zonse nkuzima.

Ena amathamangira kunena kuti wogulitsa adawabera. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Vutoli ndi khalidwe la mota yomwe ili mkati mwa makinawo, ndipo mota ya mtunduwu ili ndi mbiri yake. Mbiriyo imayambira kwa mkulu wina wamtali ndi wowonda, Nikola Tesla, yemwe adalemeretsa makampani ndi nzeru zake koma mwini wake adafera m'chipinda cha hotela chomwe ankamulipirira ndi ena.

Mwana wa wansembe

Tesla adabadwa pa 10 July 1856 m'mudzi wa Smiljan, womwe panthawiyo udali mu ufumu wa Austria koma lero uli m'dziko la Croatia. Makolo ake adali a mtundu wa Chiserbia. Bambo ake, a Milutin, adali wansembe wa mpingo wa Orthodox. Mayi ake, a Đuka, sadapite kusukulu koma adali aluso popanga zipangizo zopeputsa ntchito za pakhomo komanso ankasunga pamtima ndakatulo zitalizitali za kwawo. Tesla atakula ankakhulupirira kuti luso lake adayamwira kwa mayi akewo.

M'banjamo mudali ana asanu ndipo Nikola adali wachinayi. Mkulu wake, Dane, adamwalira pangozi ya hatchi Nikola akadali wamng'ono. Izi zidachititsa kuti chiyembekezo chonse cha makolo chigwere pa iye, mwana wamwamuna yekhayo amene adatsala, ndipo bambo ake ankafuna kuti adzalowe unsembe.

Mnyamatayu mtima wake udali pa masamu ndi makina. Sukulu ya sekondale ku Karlovac, yomwe anzake ankaphunzira zaka zinayi, iye adaimaliza m'zaka zitatu. M'chaka cha 1873 atabwerera kumudzi adadwala kolera ndipo adagona pamphasa miyezi 9. Poona kuti mwana akupita, bambo ake adamulonjeza kuti akachira adzamutumiza kusukulu ya uinjiniya. Tesla adachira ndipo nkhani ya unsembe idathera pompo.

Kutsutsana ndi mphunzitsi

M'chaka cha 1875 adayamba maphunziro pasukulu ya ukachenjede ya zaumisiri mumzinda wa Graz ku Austria. Kumeneko ndiko adakumana ndi funso lomwe lidamusowetsa tulo zaka zambiri.

Magetsi alipo a mitundu iwiri. A DC, monga a m'batire, amayenda kulowera mbali imodzi ngati madzi a mumtsinje. A AC amapita nkubwerera mofulumira, ndipo a m'nyumba za kuno kwathu amachita zimenezi maulendo 50 pa sekondi imodzi. M'masiku a Tesla mamota onse odalirika adali a DC. Kuti mota yotere izungulire pamafunika kachipangizo kotembenuza njira ya magetsi, kotchedwa commutator, komwe kamakhulana ndi maburashi. Pamalo pokhulanapo pamathetheka moto, maburashi amatha msanga ndipo mphamvu ina imawonongeka.

Tsiku lina mphunzitsi wake, Jakob Pöschl, adaonetsa ophunzira makina a Gramme omwe ankathetheka moto chotere. Tesla adapereka maganizo akuti nkotheka kupanga mota yopanda kachipangizoko. Mphunzitsiyo adatsutsa pamaso pa kalasi yonse kuti zimenezo nzosatheka.

Chaka choyamba Tesla adakhoza bwino kwambiri, koma pambuyo pake adalowerera ndi juga ndipo kumapeto kwa 1878 adachoka ku Graz opanda digiri. Chifukwa cha manyazi adadula kulumikizana ndi abale ake kwa kanthawi. Bambo ake adamwalira m'chaka cha 1879. Atayesako pang'ono maphunziro ku Prague, m'chaka cha 1881 adapeza ntchito kukampani ya matelefoni ku Budapest.

Malinga ndi zomwe iye mwini adalemba atakula, yankho la funso lija lidamufikira m'chaka cha 1882 akuyenda m'paki ya mumzindawo ndi mnzake. Adatola kamtengo nkujambula pansi mota yomwe idali m'mutu mwake.

Nzeru yake idali yotere. Amayi awiri kapena atatu akamasinja mumtondo umodzi, minsi yawo siitsika nthawi imodzi, wina akamatsitsa wina amakhala akukweza. Tesla adaona kuti mawaya okulungidwa m'mbali mwa mota akapatsidwa magetsi a AC osinthana chomwecho, mphamvu ya maginito imayamba kuzungulira yokha mkati mwa motayo. Mphamvu yozungulirayo imadzutsa magetsi m'chitsulo chapakati, chotchedwa rotor, ndipo chitsulocho chimayamba kuithamangitsa. Palibe waya wopita ku rotor, palibe maburashi, palibe moto wothetheka.

Kukumba ngalande ku New York

Atagwirako ntchito kukampani ya Edison ku Paris, Tesla adafika ku New York mu June 1884 ndipo adalembedwa ntchito kufakitale ya Thomas Edison. Panthawiyo Edison ndiye adali mwini bwalo pa nkhani ya magetsi. Malo ake opangira magetsi a DC a Pearl Street, omwe adatsegulidwa mu 1882, ankawalitsa chigawo china cha mzindawo.

Tesla adakhalako miyezi 6 yokha. Iye adalemba pambuyo pake kuti bwana wina wa pakampanipo adamulonjeza madola 50 000 akakonza mapangidwe a makina awo, koma ntchito itatha adamuuza kuti zidali nthabwala chabe. Adasiya ntchito.

Anthu ena a ndalama adamuthandiza kutsegula kampani ya nyali za mumsewu ku Rahway m'chigawo cha New Jersey, koma zinthu zitayamba kuyenda adamutaya, ngakhale ziphaso za umwini wa luso lake zidatsalira m'manja mwa kampaniyo. M'nyengo yozizira ya 1886 ndi 1887 munthu wodziwa masamu ozama chotere ankakumba ngalande pa malipiro a madola awiri patsiku.

Mwayi udamupeza mu 1887 pomwe Alfred Brown ndi Charles Peck adavomera kuika ndalama pa ntchito yake. Adamutsegulira malo ofufuzira mumsewu wa Liberty ku Manhattan ndipo chaka chomwecho mota ija idazungulira. Mu May 1888 boma la America lidamupatsa ziphaso za umwini wa lusoli ndipo mwezi womwewo adakalifotokoza pamsonkhano wa mainjiniya a zamagetsi.

Mu July 1888 George Westinghouse, mwini kampani yopikisana ndi Edison, adagula chilolezo chogwiritsa ntchito luso la Tesla pa mtengo wa madola 60 000, ena ndalama ena masheya. Adagwirizananso kuti Tesla azilandira madola awiri ndi theka pa horsepower iliyonse ya mamota ogulitsidwa.

Tesla sadali yekha pa nzeru imeneyi. Ku Italy, Galileo Ferraris adatulukira payekha za maginito ozungulira ndipo adafalitsa zomwe adapeza mu 1888 momwemo. Ku Germany, Mikhail Dolivo-Dobrovolsky wa kampani ya AEG adapanga mu 1889 mota ya mafezi atatu yokhala ndi rotor ya timipiringidzo tooneka ngati khola. Mota ya chigayo cha masiku ano imafanana kwambiri ndi imeneyi.

Njala ya mota podzuka

Mota yatsopanoyi idali ndi zovuta zake, ndipo Tesla adaziona yekha m'chaka chomwe adakhala kufakitale ya Westinghouse ku Pittsburgh. Magetsi a kampaniyo ankapita nkubwerera maulendo 133 pa sekondi pomwe mota yake inkafuna 60. Komanso liwiro la mota yotere limatsatira kugunda kwa magetsi, motero silisinthika mwachisawawa. Atayesa kuigwiritsa ntchito pa masitima ang'onoang'ono a mumzinda, omwe amaima ndi kunyamuka pafupipafupi, zidakanika ndipo kampaniyo idabwerera ku mota ya DC.

Vuto lina ndi lomwe likusautsa amisiri a inveta mpaka lero. Aliyense amene adakankhapo njinga yonyamula matumba a makala akudziwa kuti thukuta lalikulu lili poyambira, ikayamba kuyenda imapepuka. Mota nayo ndi chimodzimodzi. Rotor ikakhala chiimire, maginito ozungulira aja amaidutsa pa liwiro lawo lonse ndipo amadzutsamo magetsi ochuluka zedi. Kuti zimenezi zitheke mota imakoka magetsi ambiri kuchokera komwe yalumikizidwa, kawirikawiri kuchulukitsa kasanu mpaka ka 7 poyerekeza ndi omwe imadya ikamayenda bwinobwino. Rotor ikayandikira liwiro la maginito, njalayo imatsika. Zonsezi zimachitika m'kamphindi, mwina sekondi imodzi kapena masekondi angapo ngati mota yanyamula katundu. Nchifukwa chake mababu amaphethira firiji ikamadzuka kapena chigayo chapafupi chikamalizidwa.

Dolivo-Dobrovolsky adaona vutoli pa mamota akuluakulu ndipo adapanga rotor ina yolola kuikako zochepetsa magetsi panthawi yodzutsa. Njira ina yomwe eni zigayo ambiri amaidziwa ndi ya star-delta, yomwe imadula magetsi oyambira kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu.

Mawaya a mumsewu amatha kupirira njala yotereyi chifukwa kumbuyo kwawo kuli majenereta akuluakulu. Inveta ilibe msana wotere. Ntchito yake nkutenga magetsi a DC a m'batire nkuwasandutsa AC, ndipo imakhala ndi manambala awiri: mphamvu yomwe ingapereke mosalekeza ndi ina ya kanthawi kochepa, yomwe pa mainveta ambiri imakhala kuwirikiza kawiri yoyambayo. Makina a mawati 750 aja podzuka angafune mphamvu yoposa mawati 3 500, pomwe inveta ya 1 500 imalekezera pa 3 000. Ikaona choncho imazima podziteteza kuti isapse.

Mbali ya batire nayo ili ndi mawu. Kuti batire la mavolti 12 lipereke mawati 1 000 liyenera kutulutsa ma amp oposa 80, ndipo pa mawati 3 000 chiwerengerocho chimafika 250. Mawaya ochokera kubatire akakhala aang'ono kapena aatali amatentha, mavolti amagwa, inveta nkuona ngati batire latha. Nchifukwa chake amisiri odziwa amaika mawaya onenepa, aafupi ndi omangidwa zolimba, pamodzi ndi fyuzi pafupi ndi batire. Pa ntchito yaikulu amasankha dongosolo la mavolti 24 kapena 48, lomwe limachepetsa ma amp.

Makina onse sali ofanana. Kompuresa, pampu ya madzi, firiji ndi makina ambiri a patebulo amagwiritsa ntchito mota ya mtundu wa Tesla ndipo ndiwo amavuta kwambiri podzuka. Zipangizo za m'manja monga choboolera ndi galayindala zambiri zimakhala ndi mota ya maburashi, yomwe ija Tesla ankadana nayo, chifukwa ndi yopepuka ndi yothamanga. Nazo zimakoka magetsi ochuluka poyamba koma kwa kanthawi kochepa. Mmisiri wanzeru amadzutsa makina asadakhudze thabwa kapena chitsulo, amayatsa amodziamodzi kuyambira aakulu, ndipo pogula inveta amayang'ana mphamvu yodzutsira osati nambala ya pachikwangwani cha makina yokha. Inveta yotchipa ya modified sine wave imapereka magetsi odumphadumpha omwe amaliritsa ndi kutenthetsa mota, pomwe ya pure sine wave imapereka osalala ngati a mumsewu. Palinso kachipangizo kotchedwa soft starter komwe kamakweza mphamvu pang'onopang'ono.

Nkhondo ya magetsi

Pomwe Tesla ankalimbana ndi mota yake, Edison ndi Westinghouse adali pankhondo. Magetsi a DC a Edison sankapita patali, ankafooka asadadutse makilomita awiri, motero mzinda umodzi unkafunika malo ambiri opangira magetsi. A AC amakwezedwa mavolti ndi thiransifoma, nkuyenda mtunda wautali pa mawaya aang'ono, nkutsitsidwanso akafika kwa ogula.

Mbali ya Edison idalimbikira kuopseza anthu kuti AC ndi wakupha. Mkulu wina, Harold Brown, ankapha agalu ndi nyama zina ndi magetsiwa pamaso pa anthu. Mu August 1890 William Kemmler adakhala mkaidi woyamba kuphedwa pa mpando wamagetsi, ndipo jenereta yomwe adagwiritsa ntchito idali ya Westinghouse.

Nkhondoyi pamodzi ndi mavuto a zachuma a 1890 zidafooketsa kampani ya Westinghouse. Obwereketsa ndalama adaumirira kuti mgwirizano wolipira Tesla pa mota iliyonse uthe. Mu 1891 Tesla adavomera kusiya malipirowo. Mu 1897 kampaniyo idagula ziphaso zakezo kotheratu pa madola 216 000. Ndalamazi zidali zambiri, koma zochepa poyerekeza ndi zomwe akadapeza mamota atadzaza m'mafakitale.

Chipambano cha AC chidaonekera mu 1893 pomwe Westinghouse adawalitsa chionetsero chachikulu cha dziko lonse ku Chicago. Kumeneko Tesla adadabwitsa anthu ndi dzira la mkuwa lomwe linkazungulira mpaka kuima chilili chifukwa cha maginito ake ozungulira. Kenako padabwera ntchito yopanga magetsi pa mathithi a Niagara. Mu November 1896 magetsi ochokera kumeneko adafika mumzinda wa Buffalo, mtunda woposa makilomita 30. Kuyambira pamenepo mkangano udatha.

Maloto aakulu, thumba lobooka

Zaka zimenezi Tesla, yemwe adakhala nzika ya America mu 1891, adali munthu wotchuka ku New York. Ankavala mwaudongo, ankadya m'malo apamwamba ndipo mlembi wotchuka Mark Twain adali mnzake. Sadakwatire moyo wake wonse poona kuti banja likadamusokoneza pantchito.

Mu March 1895 moto udapsereza malo ake ofufuzira pamodzi ndi makina ndi zolemba za zaka zambiri. Sadafooke. Mu 1898 adaonetsa ku Madison Square Garden kaboti koyendetsedwa ndi mafunde a wailesi popanda waya. Mu 1899 adapita ku Colorado Springs komwe ankapanga ziphaliwali zake zomwe pofufuza njira yotumizira magetsi popanda mawaya.

Mu 1901 mpondamatiki J. P. Morgan adamupatsa madola 150 000 kuti amange nsanja ya Wardenclyffe pachilumba cha Long Island yotumizira mauthenga kutsidya la nyanja ya Atlantic. Tesla adakulitsa pulani, ndalama zidatha. Mu December chaka chomwecho Guglielmo Marconi adatumiza uthenga wa wailesi kuoloka nyanjayo ndi zipangizo zotsika mtengo. Morgan adakana kuonjezera ndalama. Malowo adapita pa ngongole yomwe Tesla adali nayo kuhotela ya Waldorf-Astoria komwe ankakhala, ndipo nsanjayo idagwetsedwa mu 1917. Chaka chomwecho bungwe la mainjiniya lidamuveka mendulo yaulemu yotchedwa dzina la Edison, bwana wake wakale.

Kuyambira apo moyo wake udali wosamukasamuka m'mahotela, kusiya ngongole m'mbuyo. Anzake enieni adasanduka nkhunda za mumzinda zomwe ankazidyetsa tsiku ndi tsiku, zovulala nkumazisamalira kuchipinda kwake. Mu 1931 atakwanitsa zaka 75 magazini ya Time idaika nkhope yake pachikuto, koma ulemu sudyedwa. Kuyambira mu 1934 kampani ya Westinghouse idayamba kumupatsa madola 125 pamwezi ndi kumulipirira chipinda ku Hotel New Yorker. Mu 1937 adagundidwa ndi takisi akuoloka msewu, adakana kuonana ndi dokotala ndipo thanzi lake silidabwererenso mwakale.

Tesla adamwalira yekha m'chipinda nambala 3327 pa 7 January 1943 ali ndi zaka 86. Adamupeza ndi wantchito wa pahotelapo. Poti idali nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma lidalanda mapepala ake poopa kuti mwina mudali zinsinsi za zida, koma katswiri yemwe adawaunika, John Trump, sadapezemo choopsa. Anthu pafupifupi 2 000 adasonkhana pamwambo wa maliro ake. Thupi lake lidatenthedwa ndipo phulusa lake likusungidwa kunyumba ya mbiri yake ku Belgrade m'dziko la Serbia.

Cholowa chake

Mu 1960 akatswiri a sayansi adatcha muyeso wa mphamvu ya maginito dzina lakuti tesla. Mu 2003 kudabadwa kampani ya galimoto zamagetsi yotchedwa dzina lake, ndipo galimoto yake yoyamba, ya mu 2008, inkayenda ndi mota ya mtundu wa Tesla yodyetsedwa ndi batire kudzera mu inveta.

Apa ndi pomwe nkhani ya Pittsburgh idapezera yankho. Inveta ya mtundu wa VFD imasintha kugunda kwa magetsi, kuyambira pang'onopang'ono nkumakwera. Mota imadzuka mofatsa popanda njala ija ndipo liwiro lake limasinthika mmene munthu akufunira. Masitima amagetsi ambiri a masiku ano komanso mapampu ena a sola a ulimi wothirira amayenda motere. DC ya Edison ndi AC ya Tesla, zomwe zidadanitsa anthu, lero zimagwira ntchito m'bokosi limodzi.

Magetsi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire amafika m'mizinda yakutali chifukwa ndi a AC, ndipo chigayo chilichonse chamagetsi chimazungulira ndi maginito omwe mnyamata wa ku Smiljan adawajambula pansi ndi kamtengo. Mayi wonyamula ufa pamutu kuchokera kuchigayo mwina sadamvepo dzina la Nikola Tesla, koma nsima ya madzulo amenewo yadutsa m'manja mwake.